Ndowa Yoyezera Kuwala: Mbiri ya Chithunzi Chofika ku Fingoè

Mlimi wa ku Fingoè, likulu la boma la Maravia, akajambula munda wake pa foni n'kutumizira mbale wake ku Tete kapena kutsidya kwa malire ku Zambia, chofika kumeneko ndi kachigawo chabe ka zimene kamera inaona. Zambiri zimatayidwa m'foni momwemo, diso lisanaphethire. Ena akamva zimenezi amadandaula ngati aberedwa. Koma mbiri ya ntchito yotumiza zithunzi ikusonyeza kuti popanda kutaya kumeneku chithunzi sichikanayenda n'komwe, ndipo nkhani yofunika kukambirana ndi kukula kwa muyeso wotayira, komanso amene amausankha.

Wogulitsa kapenta wa ku Cahora Bassa sawerenga nsomba imodziimodzi. Amayeza ndi ndowa kapena kambale. Ndowa imafulumizitsa malonda koma imabisa kusiyana kwa zochepa, pomwe kambale kamanena zoona koma dzuwa lingalowe asanamalize. Kuwala nakonso kumayezedwa motero, pogawa mtunda wa pakati pa kuda ndi kuyera m'milingo yowerengeka, ntchito imene akatswiri amaitcha quantisation. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, makina a Bartlane ankatumiza zithunzi za nyuzipepala pakati pa London ndi New York kudzera pa waya wa pansi pa nyanja, ndipo anali ndi milingo isanu yokha. Nkhope zinkaoneka zokhakhala, komabe ulendo umene pa sitima unkaposa sabata unatsika kufika pa maola osakwana atatu. Pofika 1929 milingo ija inali 15. Anyuzipepala analolera kukhakhalako chifukwa nkhani ikachedwa imazizira.

Funso la malo oika milingoyo linayankhidwa ndi masamu. Stuart Lloyd wa ku Bell Labs mu 1957, ndi Joel Max mu 1960, aliyense payekha, anasonyeza kuti milingo iyenera kuthithikana pamene manambala amagwa kawirikawiri, n'kutalikirana pamene sagwa kwambiri. Setilaiti ya Landsat 1, imene inaponyedwa kumwamba mu 1972, inkayeza kuwala m'milingo 64, ndipo inali ikuzungulira kale pamene nyanja ya Cahora Bassa inayamba kudzaza kumapeto kwa 1974 n'kumiza chigwa cha Zambezi kummwera kwa Maravia. Chaka chomwecho Nasir Ahmed, T. Natarajan ndi K. R. Rao anafalitsa njira yotchedwa DCT, imene inadzakhala mtima wa JPEG, muyezo wopanikizira zithunzi, mu 1992. Mu JPEG chithunzi chimadulidwa m'timabokosi ta madontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Kabokosi kalikonse kamasandutsidwa manambala 64, oyamba onena za kuwala kwa kabokosi konse, omalizira onena za timizere tosaoneka bwino. Nambala iliyonse imagawidwa ndi muyeso wake wochokera pa tebulo, chotsala n'kutayidwa. Timizere tija timayezedwa ndi ndowa yaikulu, choncho tambiri timasanduka ziro, ndipo mndandanda wa maziro sutenga malo.

Pa pepala zimenezi n'zophweka, koma kachipangizo ka m'kamera kali ndi mavuto ake. Kugawa manambala kumadya nthawi ndi moto wa batire kuposa kuchulukitsa, motero opanga zipangizo anazolowera kusunga manambala okonzeratu kuti makina azichulukitsa m'malo mogawa. Vuto lina nlakuti makina sadziwiratu kukula kwa chithunzi asanachipanikize: thambo loyera limapanikizika mosavuta, tchire la miombo lodzaza masamba limakana. Kuyesa matebulo ambirimbiri kungathe batire, choncho njira yofala ndiyo kukhala ndi tebulo limodzi n'kumalikuza kapena kulichepetsa lonse ndi nambala imodzi. Muyezo wa mavidiyo wa H.264, wa mu 2003, unakonza milingo 52 mwakuti ukakwera milingo isanu ndi umodzi muyeso umawirikiza kawiri, zimene kachipangizo kamachita pongosuntha manambala. Kwa munthu wotchaja foni pa sola ya pagolosale, kusunga moto kotereku si nkhani yaing'ono.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zakale, popeza memori yatsika mtengo ndipo intaneti ikufalikira. Zimenezo zingamveke ku Maputo. Kampani ya mafoni ya Mcel inayamba mu 1997 ndipo Vodacom inabwera mu 2003, koma midzi yambiri ya ku Mozambique inadikira mpaka Movitel itayamba mu 2012 n'kumanga nsanja kumadera akutali. Kumeneko megabaiti iliyonse imagulidwa ndi metikali yotuluka m'thumba la mlimi, ndipo netiweki ikafooka chithunzi cholemera chimathera panjira.

Chitsutso cholemera ndi china, ndipo ndikuchivomereza mbali yaikulu. Matebulo achitsanzo a JPEG anachokera pa kuyesa zimene diso limazindikira pa zithunzi wamba, ndipo lamulo lake nlakuti tinthu ting'onoting'ono titayidwe poyamba. Nanga ngati tinthu timeneto ndiye uthenga? Mbozi ya ntchemberezandonda itafika m'chigawo chino cha m'ma 2017, chimene mlangizi wa zaulimi ankafuna kuona pa chithunzi chinali timabowo ndi utuchi wa pamtima pa chimanga. Manambala a pa chitupa ndi mizere ya nkhope yakuda yojambulidwa pamthunzi zili pangozi yomweyo, makamaka chithunzi chikapanikizidwanso potumizidwa pa WhatsApp. Ngakhale nthawi ya filimu, makadi a Shirley a kampani ya Kodak, oyezera mitundu m'mastudiyo, kwa zaka zambiri ankaonetsa mzimayi wachizungu yekha. Komabe cholakwa pano chili pa kuyeza zonse ndi ndowa imodzi. JPEG wamba amagwiritsa ntchito matebulo omwewo kuyambira pamwamba pa chithunzi mpaka pansi, pomwe H.264 amalola kabokosi kalikonse kukhala ndi muyeso wake, kuti thambo liyezedwe ndi ndowa, nkhope ndi tsamba ziyezedwe ndi kambale. Luso limeneli lilipo kale. Chimene chatsala n'chakuti lilowenso m'mafoni otsika mtengo amene amagulidwa pa msika wa ku Fingoè, ndipo powayesa ku fakitale azijambulanso nkhope ndi minda yonga ya ku Maravia.