Tiyi Asanabwere Kunali Fodya

Ambiri a ife tikamayenda pa msewu wochoka ku Limbe kupita ku Thyolo timayesa kuti minda yobiriŵira ija ndi ya tiyi chiyambire. Iyayi. Mbewu imene inayamba kulemeretsa atsamunda ambiri kumeneko inali fodya. Kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake ku Limbe m'chaka cha 1908. Conforzi, dzina limene anthu anadzalidziŵa ndi tiyi, anayambira pa fodya, ndipo ngakhale Satemwa, imene Maclean Kay anaikhazikitsa mu 1923, poyamba inali munda wa fodya.

Ogwira khasu anali makolo athu, makamaka Alomwe amene anathaŵa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Kuti apeze pomanga nyumba ankagwira thangata m'munda wa mwini malo.

Minda ya ku Thyolo inatembenukira ku tiyi chifukwa mitengo ya fodya inagwa pambuyo pa 1927, osati chifukwa wina anamvera chisoni chifuwa cha wantchito. Mu 1950 Richard Doll ndi Bradford Hill a ku England anaonetsa kuti kusuta kumayenda pamodzi ndi khansa ya m'mapapo. Komatu kafukufuku ameneyo anali wa munthu wosuta. Wolima anadikira nthaŵi yaitali. Mu 2009 bungwe la Plan International linalengeza kuti ana othyola fodya m'Malaŵi muno amaloŵedwa chikonga kudzera pakhungu, tsiku lina chofanana ndi cha ndudu 50. Mwana wosasutako chibadwire n'kumadwala mutu, nseru ndi chizungulire!

Wina angafunse kuti zikutikhudza bwanji ife a kwa tiyi. Zikutikhudza ndithu. Lamulo la 1962 linathetsa thangata, koma malo anakhalabe m'manja mwa makampani. Posoŵa polima, mabanja ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje anakwera malole kukakhala matenanti m'minda ya fodya ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba. Kumeneko ankakongola chimanga kwa mwini munda, malipiro n'kudikira fodya atagulitsidwa, ndipo pofuna kuti ntchito ithe ankatenga ndi ana omwe. Thangata anangosintha dzina ndi boma. Bungwe la Centre for Social Concern, la Ansembe Oyera ku Kanengo, linafufuza moyo wa matenantiŵa ndi kuwalankhulira kwa zaka zambiri, mpaka mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti.

Pangano la maiko lochepetsa fodya, limene bungwe la WHO linavomereza mu 2003, dziko lathu linaloŵamo mu 2023. Zaka 20 zathunthu! Sitikudabwa kwenikweni, pakuti fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja, ndipo boma linkaopa kudula nthambi imene lakhalapo.

Malamulo onse aŵiriŵa alipo tsopano. Koma malo ku Thyolo sanawonjezeke, ndipo mnyamata wa ku Bvumbwe wopanda munda, mvula ikayandikira, akadayang'anabe kumpoto.