Mawu a achinyamata ndi moyo wa nyama m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Kale m'midzi ya kwa Msakambewa, kwa Chiwere ndi kwa Nthondo, wodziwa nyama kuposa onse anali mnyamata. Ndiye ankatsekula khola mmawa, ndiye ankayamba kuona ng'ombe yotsimphina kapena galu amene wasiya kudya. Pabwalo la Gule Wamkulu ankaona njovu ndi kasiyamaliro zikupatsidwa ulemu waukulu. Koma pabwalo la milandu analibe pakamwa. Ng'ombe zikalowa m'munda wa eni, iye ankalandira chikwapu, za chindapusa n'kukambirana akuluakulu.

Atsamunda anabwera ndi malamulo awo. Mu 1924 nkhalango ya phiri la Ntchisi, momwe makolo ankabisala pothawa nkhondo za Angoni, inakhala yotetezedwa ndi boma. Uzimba anaupanikiza, pomwe mzungu wa chiphaso ankasaka ndi mfuti. Bungwe la Nyasaland Fauna Preservation Society litakhazikitsidwa mu 1947, linali la azungu, ndipo kumudzi kuteteza nyama kunkamveka ngati kumana anthu ndiwo.

Ndale zinafika kwa achinyamata ndi yunifolomu. Gulu la Malawi Young Pioneers linayamba mu 1963, ndipo m'mabesi ake anyamata ndi atsikana anaphunzira ulimi ndi ntchito zamanja, zimene sitingazinyoze. Komabe a Youth League a malaya ofiira, omwe anthu ankawatchula monong'ona kuti chiswe, ankaima pakhomo la msika kufunsa makadi a chipani. Mawu amene ankafuula sanali awo. Woyankhula zakezake ankadziwa kuti ku Dzaleka, m'boma la Dowa lomweli, kuli ndende. Apayoniya analandidwa zida ndi asilikali pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, koma chizolowezi chinatsala: ndale za zipani zambiri zinadza ndi ma Young Democrats, kenako makadeti, odzipaka penti ndi kuimbira mabwana. National Youth Council of Malawi, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ndi Nyumba ya Malamulo ya Achinyamata, yomwe inayamba mu 2012, zinatsekulako khomo, ngakhale wodutsapo kawirikawiri ndi wasukulu, osati m'busa wa ng'ombe.

Ine ndimaona kuti mawu enieni anaphukira pamalo onyozeka: m'makalabu a zachilengedwe a m'sukulu. Bungwe lija la 1947 linasanduka Wildlife and Environmental Society of Malawi, ndipo magazini yake ya ana, Nantchengwa, inkadutsa m'manja ambiri mpaka kung'ambika. M'makalabumo mwana ankaloledwa kutsutsa. Ankafunsa chifukwa chake timatentha tchire lonse pofuna mbewa, chifukwa chake legeni ndi ulimbo zikutha mbalame zimene zimadya mbozi m'munda. Funso lotere kulifunsa pamaso pa malume ako, amene ali ndi misampha kuseri kwa nkhokwe, kumafuna mtima.

Nkhaniyi siyophweka kwa anthu okhala pafupi ndi thengo. Mu Malichi 2003 chilombo cha ku Dowa chinapha anthu atatu, n'kuvulaza ena 16, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anathawira paboma. Akatswiri a zanyama ankaganiza kuti anali fisi wachiwewe. Pamenepa m'pomwe moyo wa nyama ndi wa munthu zimakumana: chiwewe chimafalikira kwambiri kudzera mwa agalu osabaya katemera, ndipo olumidwa ambiri ndi ana. Pa tsiku la katemera, amene amakoka galu pachingwe kupita naye kwa alangizi a ziweto ndi mwana yemweyo.

Kuchokera mu 2008 bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals lakhala likulankhulira agalu, abulu ndi ziweto zina. Mu 2015 African Parks inayamba kuyendetsa nkhalango ya Nkhotakota, yoyandikana ndi Ntchisi, momwe njovu zinali zitatsala zosakwana 100, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo zina pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Lamulo la nyama zakuthengo lokonzedwanso mu 2017 linakweza chilango mpaka zaka 30 m'ndende.

Njovu yapeza oiyankhulira. Zoweta zapakhomo zidakali m'mbuyo, chifukwa lamulo loziteteza ku nkhanza ndi lakalekale ndipo ambiri salidziwa. Pamsewu wa M1 ku Mponela ndi ku Madisi, nyengo ya fodya, ng'ombe zimakoka ngolo zodzaza mopitirira muyeso, makosi ali zilonda za goli. Mbuzi ndi nkhumba zimafika pamsika zitamangidwa panjinga, dzuwa likuswa mtengo. Oyendetsa ngolozo ndi anyamata aganyu, olipidwa pa ulendo, ndipo mwini ngolo ndi amene amanena kuchuluka kwa katundu. Ambiri a iwo akwanitsa zaka 18 ndipo amaponya voti, koma pamisonkhano ya kampeni amaitanidwa kudzavina ndi kunyamula mbendera, osafunsidwa za mankhwala a ziweto, za madibi amene anafa, kapena za malipiro awo.