Ndani wakhala akujambula mapu a Liwonde ndi Balaka?



Sabata yatha ndinakumana ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ku Fomu 3 zaka zapitazo. Pano ndi bambo wa ana awiri ndipo amakonza njinga za kabaza. Anandiuza kuti tsiku lina mayi ake atapita kumunda anapeza mabikoni atazikidwa pakati pa chimanga. Atafunsa, anauzidwa kuti msonkhano unachitika kale ndipo anthu anavomereza. Iye anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, anthu ake ati?" Ndinasowa chomuyankha pomwepo. Nditafika kunyumba ndinaganiza zolemba mbiri ya nkhaniyi, chifukwa vutoli silinayambe ndi munda wa mayi akewo.

Tiyambire ku Liwonde. Tauniyi inakula chifukwa cha zinthu zitatu, ndipo zonse zinaganizidwa kutali ndi anthu a m'mbali mwa Shire. Choyamba ndi Kamuzu Barrage, yomwe inamangidwa mu 1965 kuti iziwongolera madzi opita kumalo opangira magetsi kumunsi kwa mtsinjewu. Chachiwiri ndi njanji yochokera ku Nkaya kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, yomwe inatsegulidwa mu 1970 n'kutilumikiza ndi doko la Nacala. Chachitatu ndi Liwonde National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo midzi ina inasamutsidwa kuti nyama zipeze malo. Sindikunena kuti zinthuzi n'zoipa ayi. Magetsi tikuyatsa, sitima tinakwera, alendo odzaona njovu amabwera. Koma inali nthawi ya chipani chimodzi. Lamulo la malo la 1965 linkalola nduna kulengeza kuti malo a mafumu asanduka malo a boma, ndipo munthu wamba sakadayerekeza kufunsa kuti bwanji mzere sunadutse uko. Lamulo lomwelo ndi limene linathandiza kuti malo ambiri a m'midzi asanduke maesiteti a fodya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980.

Ngakhale lamulo la mapulani a matauni la 1988 silinasinthe zambiri. Nduna ndiyo inkalengeza dera lofunika mapulani, ndiyonso inkasankha komiti yovomereza zomangamanga. Mayi wogulitsa nsomba pamsika analibe mpando pamenepo.

Chaka cha 1998 chinatipatsa chiyembekezo. Balaka inachotsedwa ku Machinga n'kukhala boma palokha, ndipo chaka chomwecho kunabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo latsopano la maboma ang'ono. Matauni a Liwonde ndi Balaka anali ndi maasembule awoawo, ndipo mu November 2000 tinasankha makhansala. Akuluakulu mukukumbukira momwe tinkanenera kuti tsopano nkhani ya msika, depoti ndi maploti tiziikambira pompano. Koma nthawi ya makhansalawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka mu May 2014. Zaka 9 zathunthu popanda wotiimira! M'kati mwa zaka zomwezo, lamulo litasinthidwa mu 2010, maasembule a matauni awiriwa anathetsedwa n'kuphatikizidwa ku makhonsolo a maboma. Matauni sanadikire. Anthu anapitiriza kugula malo kwa mafumu, kumanga m'madambo ndi m'mphepete mwa msewu. Madzi osefukira a mu January 2015, pamene Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma 15 olengezedwa kuti agwa m'mavuto, anatikumbutsa kuti madzi sayiwala khwawa.

Komabe m'zaka zomwezo munachitika chinthu china chimene ndimakonda kuphunzitsa, chifukwa chimaonetsa kuti anthu wamba amatha kupanga okha mapulani. Ndikunena pulojekiti ya Kudzigulira Malo, yomwe inayamba mu 2004 ndi thandizo la World Bank n'kutha mu 2011. Mabanja osowa minda, ena a ku Thyolo ndi Mulanje komanso ena a konkuno, ankapanga gulu, kusankha komiti, kupita kukaona esiteti yogulitsidwa, kukambirana mtengo ndi mwini wake, kenako n'kugawana malo. Poyamba ankakhazikika ku Machinga ndi Mangochi, pambuyo pake Balaka ndi Ntcheu anawonjezedwa. Mabanja oposa 15,000 anapeza malo, lililonse pafupifupi mahekitala awiri. Mavuto analipo. Malo ena anali kutali ndi mjigo, sukulu ndi chipatala, kwina eni dera sanasangalale ndi obwerawo, ndipo ena anabwerera kwawo. Phunziro lake n'lakuti obwera anafunsidwa mokwanira, koma oyandikana nawo ndi ofunika kubweretsa madzi ndi sukulu sanalowetsedwe mokwanira m'zokambirana. Kufunsa theka la anthu kumathetsa theka la vuto.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, ndipo ena anakonzedwanso mu 2022. Awiri ndi amene ndikufuna muwadziwe. Lamulo la mapulani a malo linapangitsa kuti dziko lonse, osati matauni okha, likhale lofunika mapulani. Lamulo la malo a makolo linakhazikitsa komiti ya malo m'dera la gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupu, koma mamembala ena 6 amasankhidwa ndi anthu eni ake, ndipo osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Kuno kwathu, kumene Ayao, Alomwe ndi Amang'anja ambiri amalandira minda kudzera kuchikazi, mfundo imeneyi si yaing'ono. Munda umene mwapezeka mabikoni nthawi zambiri umakhala wa mayi.

Bwanji ndikulemba izi lero? Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu January 2021, akufuna mizinda ina kupatula Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo Liwonde ili m'gulu la malo 8 amene anasankhidwa kuti adzakhale mizinda yachiwiri. Njanji yamalasha yochokera ku Moatize, yomwe inatsegulidwa mu 2017, imadzera pa Nkaya ndi Liwonde. Ndiye kuti mapu ajambulidwanso. Wina aganiza kuti apa pakhale mafakitale, apa nyumba, apa msewu. Manda a makolo, madimba ndi mabwalo a mpira a sukulu zathu zidzagwera mbali ina ya mzere umenewo. Mzere ukadali papepala umasinthika ndi labala. Bikoni ikazikidwa, chotsala ndi kukangana za chipukuta misozi basi.

Pempho langa kwa inu ana anga ndi ili. Munaphunzira kuwerenga mapu ku Fomu 1, musasiye luso limeneli m'kope. Dziwani amene ali mu komiti ya malo, mu VDC ndi mu ADC ya kwanu. Khansala amene munamusankha pa 16 September 2025 mufunseni kuti pulani ya dera lanu ikuti chiyani, ndipo mupemphe kuiona ndi maso. Mfumu ikaitanitsa msonkhano pitani, ndipo muonetsetse kuti mayina a opezekapo ndi zogwirizana zalembedwa. Aphunzitsi anzanga, tikamaphunzitsa za maboma ang'ono tisamangopereka manotsi. Tiwatume ana akafunse agogo awo za 1973, kapena oyandikana nawo za Kudzigulira Malo.

Mnyamata uja ndamutumizira uthenga kuti Loweruka adzabwere ndi mayi ake, tikayambire kwa a gulupu kukafunsa kaundula wa msonkhano umene akuti unachitikawo. Ndidzakuuzani momwe tayendera.