MBIRI YA MANKHWALA A DZANZI

Masiku ano munthu akapita ku chipatala kukazulitsa dzino kapena kukasoketsa bala, dotolo amayamba wambaya ndi singano pafupi ndi powawapo, ndipo m'kamphindi mnofu uchita dzanzi, ntchito nigwiridwa mwini wache ali maso. Ichi tachizolowera, koma makolo a mitundu yonse, Azungu ndi ife tomwe, sanachidziwa. Tsono tifuna kulongosola kumene chinachokera, ndi umo chigwirira ntchito m'thupi.

Chiyambi chache ndicho tsamba. Ku mapiri a Andes, m'maiko a Peru ndi Bolivia, kumamera chitsamba chotchedwa coca, chimene eni dziko amatafuna masamba ache kuyambira kale lomwe, kuti asamve njala ndi kutopa. M'chaka cha 1860 Albert Niemann wa ku Göttingen, m'dziko la Germany, anapatula mphamvu ya m'masambamo, naitcha cocaine, nalemba kuti ikakhudza lilime, lilimelo lichita dzanzi. Koma zinapita zaka 24 madotolo asanayambe kuthandiza nayo anthu ong'ambidwa.

Pa nthawiyo mankhwala ogonetsa munthu yense analipo kale: ether, imene inasonyezedwa ku Boston mu 1846, ndi chloroform, imene James Simpson anayamba nayo ku Edinburgh mu 1847. Koma madotolo a maso sanakondwera nawo, pakuti wodwala podzuka amasanza, ndipo kusanzako kumaononga diso longokonzedwa kumene. Mu 1884 dotolo wachinyamata wa ku Vienna, dzina lache Carl Koller, anadontheza cocaine m'diso la chule, nalikhudza ndi singano, koma chuleyo sanaphethira. Pambuyo pache anayesa m'diso la iye mwini. Popeza analibe ndalama za ulendo, mnzache ndiye anakawerenga kalata yache pa msonkhano wa madotolo ku Heidelberg pa 15 September, ndipo mbiriyo inawanda msanga.

Ku New York, William Halsted anapeza kuti ukabaya mankhwalawa pafupi ndi mtsempha, chiwalo chonse chotumikiridwa ndi mtsemphawo chichita dzanzi. Koma poyesa pa thupi lache anagwidwa ukapolo wa cocaine, ndipo odwala ena anafa nayo itachuluka. Chifukwa chache anzeru anafunafuna ina yosaopsya chotero. Alfred Einhorn wa ku Munich anapanga procaine, imene inayamba kugwira ntchito mu 1905. Ndipo mu 1943 Nils Löfgren wa ku Stockholm anapanga lidocaine, imene madotolo ambiri amabaya kufikira lero.

Chozizwitsa nchakuti zaka zonsezi madotolo analikubaya osadziwa bwino chimene chichitika m'katimo. Mu 1952 Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku England, poyesa mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid, anasonyeza umo uthenga uyendera. Pano sitinena mitsempha ya mwazi, koma ina yonga ulusi, yonyamula mau kunka ku ubongo. Pakuti kuwawa ndiko uthenga, ndipo ukapanda kufika ku ubongo munthu samva kanthu. Ulusi uli wonse wakutidwa ndi kakhungu kamafuta. Kunja kwache kuli sodiyamu wambiri, ndiye chimodzi cha ziwiri zopanga mchere wathu wa m'ndiwo, koma m'kati ali pang'ono. M'kakhungumo muli timakomo tosaoneka ndi maso. Thupi likalasidwa, timakomo ta pamenepo titseguka, sodiyamu nalowa ndi mphamvu yache ya magetsi, ndipo mphamvuyo itsegula timakomo toyandikana nato. Chomwecho uthenga uthamanga monga moto wa kuthengo m'chilimwe, udzu kuyatsa udzu unzache. Ndipo tonse tidziwa kuti motowo ukafika polambula, uzima.

Mankhwala a dzanzi ndiwo alambula pamenepo. Ofufuza a m'zaka za m'ma 1970, monga Toshio Narahashi, Gary Strichartz ndi Bertil Hille, anapeza kuti satseka khomo ali kunja, koma ali m'kati. M'thupi mankhwalawa amakhala a mitundu iwiri: ena opanda mphamvu ya magetsi, ena okhala nayo. Opanda mphamvuwo ndiwo akhoza kupyola kakhungu kamafuta kaja; atalowa alandira mphamvu ya magetsi, nakakhala pakamwa pa khomo cha m'kati, kotero kuti sodiyamu asowa polowera. Ndiponso agwira kolimba makomo otseguka kawirikawiri, chotero mtsempha wofuulitsa ndiwo uyamba kutonthola. Mwazi ukawachotsa pang'onopang'ono, makomo amasuka, kumva nikubwera.

Tsono, abale, m'menemu muli zotiphunzitsa zitatu. Choyamba, kumva kuwawa kumayamba kutha, kumva kukhudza nikutsalira. Potero mukamva dotolo alikukankha dzino, musanene kuti mankhwala alephera. Chachiwiri, pamene pali mafinya mnofu umakhala ndi asidi wambiri, ndipo mankhwala alandira mphamvu ya magetsi akali kunja, nakanika kulowa. Munthu wosunga dzino lobowoka kufikira tsaya litatupa adzichotsera yekha chithandizo. Tipite msanga, ndi kutengera ana athu msanga. Chachitatu, makomo omwewa alinso mu mtima ndi mu ubongo, ndipo mankhwala akachuluka m'mwazi munthu akhoza kugwa khunyu, mtima nuleka kugunda. Chifukwa chache dotolo amayesa muyeso wache, ndipo singano iyi siyenera kukhala m'manja mwa wosaphunzira.

Tsamba limodzi lomwelo linatonthoza odwala, linagwiranso dotolo wanzeru ukapolo. Tiyamike Mlengi amene anabisa chifundo chotere m'chitsamba cha kumapiri, ndipo timpemphe nzeru yakulandira mphatso zache ndi muyeso.