Mwala wa Cikumbutso ku Lusaka

Aphunzitsi anzanga, pamene tipita ndi ana ku Lusaka, ambiri tithamangira ku Freedom Statue, fano la munthu wodula unyolo limene linaimikidwa mu 1974, ndi kulowa m'nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 1996. Nzabwino ndithu. Koma tisalambalale mwala wa Cenotaph, wokumbutsa anthu amene anafa pa nkhondo zazikulu ziwiri, ya 1914 ndi ya 1939.

Nkhondo zimenezo zinafika ndi kuno kwathu. Pa yoyamba, Boma linatenga amuna m'midzi kuti akhale amtengatenga, osenza cakudya ca asilikali. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Pa yaciwiri, asilikali a Northern Rhodesia Regiment anakamenya ku Somaliland mu 1940 ndi ku Burma mu 1944. Ndico cifukwa mu Lusaka muli Burma Road.

Koma mwala sulankhula. Tsono ulendo usanafike, ana akafunse agogo ao kuno ku Mkaika kuti, "Ndani wa pamudzi pathu anapita, ndipo kodi anabwerako?" Maina amenewo tiwalembe m'buku la sukulu, ndi kukawawerenga mokweza patsinde pa mwalawo, pakuti nkhalamba zimene ziwadziwa zatsala zowerengeka.