Pirinta ikakana, nenani chomwe yakana

Ku Milange makina amodzi ali ndi mayina awiri. Amene anaphunzira m'Chipwitikizi amati impressora, abale athu a kutsidya kwa Muloza, ku Mulanje, amati pirinta. Zimenezo sizindivuta. Chinthu chobwera chimabwera ndi dzina lake, monga mmene tinalandirira mawu oti kompyuta ndi foni. Chimene chimandiwawa n'chakuti kalata ikakana kutuluka, pakamwa pathu pamangotsala mawu amodzi okha: "Yafa."

Kufa ndi nkhani yaikulu. Pirinta yafa ngati yapsa m'kati, mwina magetsi atabwera mwamphamvu, ndipo ngakhale muilumikize siyaka. Koma zambiri zimene timati zafa zimakhala zangozima, kapena chingwe cha USB chasomoka, kapena kompyuta siikuiona. Mmisiri amene mwamuimbira foni sangakuthandizeni ndi mawu oti yafa. Angokuuzani kuti muinyamule mubwere nayo, inu n'kulipira kabaza pa vuto lomwe mukanalithetsa muli khale kunyumba.

Chinenero chathu sichisowa mawu pamenepa. Pepala likatsakamira m'kati, nenani kuti latsakamira. Uthenga wa pa kompyuta ya Chipwitikizi umati papel encravado, wa Chingerezi umati paper jam, koma nkhani ndi yomweyo. Kuno pansi pa phiri la Tumbine, nthawi ya dzinja mapepala amayamwa chinyontho n'kumamatirana, pirinta n'kukoka awiri kapena atatu nthawi imodzi. Inkinso ili ndi nkhani ziwiri zosiyana, kutha ndi kuuma. Yatha, mukagula ina. Yauma chifukwa makina akhala nthawi yaitali osagwira ntchito, timabowo totulutsira inki tatsekeka, ndiye pofunika n'kutsuka, osati kugula. Mukasokoneza mawu awiriwa mutaya mametikali pachabe. Nthawi zinanso pirinta imakhala ilibe mlandu uliwonse. Kalata yoyamba yakanirira pa mzere wa zodikira, zonse za m'mbuyo mwake zaima, ndipo kudinadina batani kumangotalikitsa mzerewo. Fufutani zodikirazo, zimitsani makina onse awiri, muyatsenso.

Tsono mneni. Ndamva achinyamata akuti kupirinta, ena kuimprimira, pomwe tili ndi mawu oti kusindikiza, amene akhala pa mabuku athu kuyambira kale, Buku Lopatulika la 1922 lisanatuluke n'komwe. Dzina la makina tibwereke, koma ntchitoyo ili ndi mneni wake. Kusindikiza n'kutulutsa papepala zimene zili m'kompyuta. Kuchita fotokope n'kutenga pepala lomwe lilipo kale n'kulichulukitsa. Kutayipa n'kulemba. Munthu akalowa m'shopu ya pamsika n'kunena kuti "mundilembere kalatayi" ali ndi flash m'manja, mwini shopu amayenera kufunsanso kawiri.

Ena amati zamakina n'zosatheka kuzifotokoza m'Chichewa, ati zimafuna Chingerezi kapena Chipwitikizi. Ine ndikukana. Mlimi wa nandolo amasiyanitsa bwino mbewu yofota, youma ndi yowola, ndipo palibe amene amamuuza kuti chinenero chake n'chochepa. Ulesi ndi wathu, ofuna mawu amodzi pa mavuto khumi.

Aphunzitsi, amisiri ndi inu a m'mashopu osindikizira, mwana akabwera n'kuti "yafa", musamuyankhe msanga. Mufunseni: ikuyaka? Pepala ikukoka? Likutuluka loyera kapena lamizeremizere? Muzolowetseni kuyankha m'chinenero chake, mwatchutchutchu.