PAWU, Bungwe la Antchito a m'Maesiteti a Tiyi

Plantation and Agriculture Workers Union, mwachidule PAWU, ndi bungwe loyimira antchito a m'minda ikuluikulu m'Malawi, makamaka othyola tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, m'maesiteti onga Satemwa, Makandi ndi Naming'omba. Limakambirana za malipiro ndi Tea Association of Malawi, bungwe la eni minda. Ufulu wolowa m'bungwe lotere umatetezedwa ndi lamulo la Labour Relations Act la 1996, ndipo mikangano ikakanika kutha, imapita ku khoti la Industrial Relations Court.

Mu 2016 mbali ziwirizi zinasainirana pangano loyamba la malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito, mothandizidwa ndi ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yomwe inayamba mu 2015. Inali nkhani yaikulu m'maboma a Thyolo ndi Mulanje, momwe okalamba amakumbukirabe ntchito yokakamiza ya thangata.

Kuyendetsa bungweli n'kovuta. Antchito ambiri amalembedwa nyengo ya dzinja yokha, tiyi akamaphuka kwambiri, ndipo ntchito ikatha zopereka za umembala zimachepa. Nawo amayi, omwe amadandaula za nkhanza za akapitawo ena, akufunika kupatsidwa mipando yambiri mu utsogoleri wa bungweli.